Fizi ya M'mbandakucha

Kuno ku Kasinje tulo tabwino timabwera mochedwa. Anthu akamva za Ntcheu amaganiza za kumtunda kozizira, kwa kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa pa Lizulu, koma ife tili kumunsi kwa mapiri, m'chigwa cha Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera cha ku Balaka kulowera ku Salima. Mwezi wa Okutobala malata amasunga moto wa dzuwa mpaka pakati pa usiku. Umangotembenukatembenuka pamphasa, thukuta lili kamukamu, udzudzu ukulira kunja kwa neti. Kamphepo kamayamba kulowa tambala woyamba atatsala pang'ono kulira, ndipo m'pamene thupi limamasuka, munthu n'kugona tulo tofa nato. Maola awiri kapena atatu amenewa, dzuwa lisanatuluke, ndiwo tulo teniteni ta munthu wa kuchigwa. Ndi maola omwewanso amene sukulu ya ana athu imatipempha.

Za Lolemba mpaka Lachisanu palibe kholo limene limadandaula. Udabereka, ndiye udzuke, ukoleze moto, utereke madzi osamba, uone kuti yunifomu yauma ndipo mwana waponyako kanthu kukamwa. Nkhani yanga ndi ya Loweruka. Ndikudziwa kuti mlimi alibe Loweruka, pakuti nthawi ya dzinja udzu wa m'munda sufunsa kuti lero n'lachingati. Komabe pa sabata pamafunika m'mawa umodzi woti mayi adzuke chifukwa tulo tamuthera m'maso, osati chifukwa ntchito yamuitana. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika, Lamulungu ndimalawirira kutchalitchi, ndipo m'mawa umene mtima wanga umauwerengera ndi wa Loweruka. Chiyambireni ana anga sukulu, m'mawa umenewu kawirikawiri sukhala wanga.

Uthenga umafika Lachisanu madzulo. Nthawi zina umabwera ndi mwana, amene amaukumbukira nsima ili kale m'manja: "Amayi, ahedi akuti mawa makolo onse kusukulu, 5 koloko." Nthawi zina ndi nduna ya amfumu, itaima pachulu, mawu ake akumveka mudzi wonse: "Tamverani uko! Mawa m'mamawa tonse kuchitukuko kusukulu! Abambo makasu ndi zikombole, amayi ndowa! Wotsala akaonana ndi amfumu!" Ukamva choncho umadziwa kuti usiku wako wafupika.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pamene minda yatipatsako mpata, ndiye teremu yoyamba ndi ya njerwa, mchenga ndi miyala. Amene sadaumbeko njerwa angaganize kuti kulawira kotereku n'kukonda kuvutitsa anthu, koma ntchitoyo ndiyo imalamula. Dothi limafuna kunyowetsedwa ndi kupondedwa kunja kusanatenthe. Njerwa yogwetsedwa pansi dzuwa lili paliwombo imauma msanga pamwamba m'kati muli madzi, n'kung'ambika, n'chifukwa chake timaziphimba ndi udzu. Pofika 10 koloko palibe amene angapirire kuwerama ndi chikombole padzuwa la kuno. Ntchito yonse iyenera kuthera m'maola ozizira.

Abambo amakumba, amaponda dothi, amathamanga ndi zikombole, ndipo njerwa zikauma n'kupangidwa uvuni, ndi iwo amene amachezera usiku wonse akusonkhezera moto. Koma dothi silipondeka popanda madzi, ndipo madzi ali pamutu pa amayi. Kuti abambo ayambe 5 koloko, ife tiyenera kukhala titafika pamjigo nthanda ikadali kumwamba, ndowa zili pamzere, tikusinthana kupopa mumdima. Usanapite kumeneko wayamba watunga madzi a pakhomo pako, wasesa, wasiyira wamng'ono mbatata pamoto. Mlembi wa komiti akamaitana maina amawerenga mitu imene yabwera. Kaundula wake alibe malo olembapo kuti mutu uliwonse udadzuka nthawi yanji.

Kumanga sukulu ndi manja a eni mudzi si kwa lero. Amishoni atafika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902, timasukulu ta m'midzi tinali ta mitengo, dothi ndi udzu, ndipo onyamula zimenezi anali anthu a m'midzimo. Makolo athu amakumbukira Youth Week ya nthawi ya Kamuzu, pamene ana asukulu ndi akulu omwe ankalambula misewu ndi kumanga makalasi. Koma katundu amene tasenza ifeyu adalemera mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi kupulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi sadachuluke nawo. Ana adadzaza pansi pa mitengo, boma lidalemba aphunzitsi masauzande ambiri amene anali asanapite kukoleji ya uphunzitsi, ndipo MASAF itabwera, pangano lake linali loti mudzi upereke njerwa, mchenga ndi manja, thumba la chitukukolo lipereke simenti, malata ndi malipiro a amisiri.

Walira mvula walira matope. Tidalira sukulu ya aliyense ndipo tidaipeza. Ine ndemwe ndidalowa Sitandade 1 chifukwa cha chiganizo chimenecho, pakuti bambo anga sakadatha kulipirira ana tonse, ndipo pa nyumba yotero wotsala amakhala mtsikana. Sindidzanyoza sukulu yaulere, pakuti ndi imene idandiphunzitsa kuwerenga tepi yoyezera ndi kulemba nkhani ngati ino. Koma fizi siidathe, idangosintha potulukira. Kale inkatuluka m'thumba la bambo, lero imatuluka m'thupi la kholo, Loweruka m'mbandakucha.

Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa ntchito za boma pofuna kuteteza mitengo, moti midadada yatsopano yambiri imamangidwa ndi mabuloko a simenti. Ndi lamulo loyenera, ndipo aliyense wokweza maso kuyang'ana mapiri athu akuona mmene ametekera. Komabe mabuloko amafuna mchenga wa kumtsinje, miyala yoswa ndi madzi ochuluka, ndipo zimenezi zimafikabe pasukulu pamutu, pawilibala ndi pangolo. Chimbudzi, khitchini ndi zina zimene mudzi umadzimangira wokha zimadalirabe chikombole. Chomangira chasintha, wolawira ndi yemwe uja.

Mvula ikagwa zikombole zimapachikidwa, koma Loweruka silibwerera kwa mwini wake. Teremu yachiwiri, kuyambira mu Januwale, ndi ya ana a Sitandade 8. Mayeso a PSLCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa, ndi mapepala 6 olembedwa m'masiku atatu, ndipo masiku atatu amenewo ndiwo amagamula zaka 8 za mwana. Kukhoza kokha sikokwanira. Malo kusekondale ndi ochepa, moti zaka zambiri osankhidwa sakwana theka la okhoza. Pamwamba pali sukulu zotenga ana a dziko lonse monga Dedza Government ndi Lilongwe Girls, kenako zogonera komweko za m'boma monga Ntcheu Secondary, kenako ma CDSS oyendera. Mwana wa ku Kasinje amalemba pepala limodzimodzi ndi mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe, amene ali ndi babu m'chipinda chake ndi buku lakelake.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi, pamene zoposa theka zinkadalira tochi ya mabatire. Kumudzi usiku si nthawi yowerenga. Kuwala kosagula n'kwa dzuwa, ndiye aphunzitsi amafuna kuti kuwalako kukamayamba mwana akhale ali kale padesiki. Kuonjezera apo, m'sukulu zambiri makalasi a m'munsi amakhala ndi ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi, pamene boma limafuna kuti asapitirire 60. Zimene mwana sadazimve bwino ku Sitandade 3 ndi 4 zimayenera kukonzedwa m'miyezi yochepa ya Sitandade 8. Ine wosoka ndimachidziwa chigamba ndikachiona. Makalasi a Loweruka ndi chigamba chimene timasokerera pa nsalu imene idayamba kung'ambika zaka zisanu zapitazo, ndipo chigamba, ngakhale chisokedwe mwaluso chotani, chimakoka nsalu ya m'mbali mwake. Nsalu ya m'mbaliyo ndife makolo.

Mwana wanga wamkazi atafika Sitandade 8 m'pamene ndidadziwa kuti kalasi ya mwana ndi ulendo wa kholo. Mtsikana wa zaka 14 sungamutulutse yekha mumdima, m'njira yodutsa m'chimanga chotalika kuposa munthu. Mitsinje yotsika m'mapiri imadzaza usiku ngakhale kuno mvula isadagwe, ndipo kamtsinje kamene udaoloka dzulo madzi akulekeza m'kakolo ungakapeze lero kakukokolola zitsa. Kuli njoka, kulinso anthu oipa mtima amene amadziwa nthawi imene atsikana amadutsa. Choncho umadzuka, umamuphikira phala, umatenga tochi n'kumuperekeza mpaka pamene akumanirana ndi anzake, mwinanso mpaka pasukulu penipeni. Pobwerera kunja kwayera ndipo khasu likukudikira.

Tsiku lina tili m'njira adandicheukira n'kunena kuti, "Amayi, bwererani mukagone, apa ndiye ndafika kale." Ndidamuyankha kuti, "Tiye iwe, tulo sitithawa." Ndidanena pomulimbitsa mtima, koma zoona zake n'zakuti tulo timathawa. Ta m'mbandakucha tikapita sitibwezeka masana, pamene wamng'ono akulira, mbuzi zalowa m'munda mwa eni, ndipo mwini diresi waima pakhomo akufunsa ngati yatha. Mayeso akayandikira, sukulu zina zimasankha kuti a Sitandade 8 azigonera pasukulu pomwepo. Pamenepo makolo timasonkha ufa, nyemba ndi nkhuni, ndipo amayi timasinthana kukaphika ndi kukagona ndi atsikana m'kalasi, pasimenti, khutu lili kukhomo.

Teremu yachitatu imabwera ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene ngakhale kuchigwa kuno m'mawa mumalasa ndipo bulangeti limakoma. Mayeso atha, mabwalo auma, masewero achuluka. Apa ndiye zinthu zimatembenuka. Mnyamata amene Lolemba umachita kumukoka mwendo, tsiku la mpira ndi iye amene amakudzutsa, atasamba kale madzi ozizira, akufunsa ngati zitumbuwa zapsa. Sukulu za m'zoni imodzi zimatalikirana, ndipo timu imayenera kunyamuka kusanache kuti ikafike wapansi, kapena kukadikira lole pamsewu ngati makolo tasonkha ya mafuta. Umaphika chinangwa, umathira thobwa m'botolo, umamanga kandalama pansonga ya nsalu, ndipo ngati ntchito ilola umatsatira m'mbuyo kukaonera.

Kudzuka kwa tsiku lotere sindikuwerengera m'gulu la zotayika. Ndaonapo mtsikana wamanyazi, wosayankha m'kalasi, atasanduka wina pabwalo la ntchemberembaye, akulamula anzake mokweza mawu. Ndaonapo mnyamata amene ankafuna kusiya sukulu n'kuyamba kabaza atakhalabe m'kalasi chifukwa timu inkamudalira pagolo. Ana athu amamva pawailesi za Mwawi Kumwenda, amamva za Tabitha ndi Temwa Chawinga amene adayambira mpira pafumbi la ku Rumphi n'kukafika kumatimu akuluakulu a kunja, ndipo amadziwa kuti fumbi lathuli ndi lomwelo. Ambiri sadzafika kumeneko, koma mwana amene makolo ake adamuimbirapo nthungululu pagulu amayenda mosiyana.

Vuto n'lakuti si sukulu yokha imene imalidziwa Loweruka. Ukwati ndi Loweruka, chinkhoswe ndi Loweruka, kumanga chiliza, kukonzekera kwaya, msonkhano wa banki m'khonde, zonse zimathamangira tsiku lomweli. Maliro ndiye alibe tsiku. Mayi amene wachezera pasiwa Lachisanu usiku, akuimba mpaka kucha, amachoka pomwepo n'kulunjika kumjigo wa kusukulu, maso ali psu. Anansi athu a Seventh Day nawo Loweruka ndi Sabata lawo, ndipo chitukuko chikangoikidwa tsiku limeneli nthawi zonse amaoneka ngati okana ntchito, chikhalirecho akadapatsidwa tsiku lina akadabwera ndi mtima wonse.

Akatswiri a za tulo amati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, mwana wa zaka 6 mpaka 12 maola 9 mpaka 12, ndipo wachinyamata maola 8 mpaka 10. Kusagona mokwanira kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kuiwalaiwala, ndipo ubongo wa mwana umakhazikitsa zimene waphunzira iye ali m'tulo. Ku California, m'dziko la America, adafika poika lamulo, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2022, loti sukulu zambiri za sekondale za boma zisamayambe 8:30 isanakwane. Ife sitingatengere zimenezo momwe zilili, pakuti dzuwa lathu, mitunda yathu ndi mdima wa m'nyumba zathu n'zina. Chimene ndimatolapo n'chakuti kumeneko tulo adatiika pasikelo pokonza za maphunziro. Kwathu wogona mpaka dzuwa kutuluka amatchedwa mlesi, ndipo mayi amene akufuna kunena kuti watopa amayamba wapepesa. Komatu kutopa sikubisika. Kumatulukira m'mawu okalipa pa kanthu kakang'ono, m'mutu wosaleka kuwawa, ndi mwa mwana amene akusinza padesiki 9 koloko, m'kalasi imene adaidzukira 4 koloko.

Komabe chimene chimawawa kwambiri si kudzuka. Chimawawa n'kudzuka pachabe. Msonkhano wa makolo umaitanidwa 7 koloko, ife timafika 7 koloko, n'kukhala pansi pa mtengo tikusuntha ndi mthunzi mpaka 11 koloko chifukwa mlendo wolemekezeka sanafike. Ana amene akaimbe ndi kuvina amaimitsidwa pamzere padzuwa, opanda kanthu m'mimba, ndipo galimoto ikafika palibe amene amapepesa. Ndaonapo uvuni wa njerwa zimene midzi ingapo idazikhetsera thukuta miyezi iwiri utamera udzu, ngodya zake zikusungunuka ndi mvula, chifukwa simenti yolonjezedwa siidabwere. Woona amangoti njerwa zaonongeka. Ife amene tidatungira madzi timaona m'mawa wathu wonse uli mbwee pansi.

Chinanso n'chakuti fizi imeneyi sitilipira mofanana. Wandalama amatuma waganyu, kapena amalipira chindapusa mosavuta, kapena mwana wake ali kale kusukulu yolipira kutauni. Amene sajomba ndi mayi wamasiye, mayi amene mwamuna wake ali ku Joni kapena kutauni, ndi agogo olera adzukulu, amene msana wawo udayenera kupuma kalekale. Pamsonkhano wa PTA yang'anani bwino: pansi pali zitenje zokhazokha, pamipando pali majekete. Amene adadzuka koyamba ndi amene amalankhula komaliza, ngati apatsidwa mpata n'komwe. Ndipo ndalama za SIG zimene boma limatumiza kuti zitukule sukulu, kholo limene limaitanidwa kukasenza mchenga liyeneranso kuitanidwa kukamva mmene zayendera, tambala ndi tambala.

Sindinena izi ngati woimba mlandu aphunzitsi. Iwonso ndi makolo, ndipo Loweruka limene akuphunzitsa mwana wanga alichotsa kwa ana awo, kawirikawiri popanda malipiro kapena ndi kangachepe kamene makolo tasonkha. Ena amapalasa njinga mtunda wautali mumdima chifukwa pasukulu palibe nyumba yoti akhalemo, nyumba imene nayonso ife makolo timayenera kuiumbira njerwa. Palinso amayi a mother group, amene palibe amawalipira. Iwo amalawirira Loweruka kukapeza makolo asanapite kumunda, kukafunsa chifukwa chake mtsikana wakutiwakuti sakuoneka kusukulu. Boma lidalola kuyambira mu 1993 kuti mtsikana amene wabereka abwerere m'kalasi, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma lamulo siliyenda lokha kukagogoda pakhomo. Kumpoto kwathuku, m'dera la Dedza loyandikana nafe, Inkosi Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo maso ndi miyendo yake m'midzi anali amayi ngati amenewa. Mtsikana aliyense amene adabwerera kusukulu, pali mayi wina amene adamutayira tulo.

Nanga ine ndimadzukiranji? Si chifukwa choopa nkhuku ya chindapusa. Khoma limene ndidalitungira madzi limandipatsa pakamwa. Ndikaimirira pamsonkhano n'kufunsa chifukwa chake ana a Sitandade 2 akuphunzirabe pansi pa mtengo, sindifunsa ngati mlendo wopempha chifundo. Sukulu imene anthu sadaikhetsere thukuta amaitcha ya boma, ndipo zitseko zake zikamabedwa amangoyang'ana kumbali. Imene adaimanga okha amaitcha yathu, ndipo mbuzi ikalowa m'kalasi aliyense wodutsa amaipirikitsa.

Chifukwa china n'chakuti mwana amadziwa kulemera kwa chinthu poona chimene kholo lake lalolera kutaya chifukwa cha icho. Ine sindingamugulire mabuku onse, sindingamulipirire mphunzitsi wapadera, ndipo masamu a Sitandade 8 adandipitirira. Chimene ndili nacho ndi m'mawa wanga. Mwana amene waona mayi ake akukoleza moto mumdima kuti iye akaphunzire safuna kuuzidwa kawiri kuti sukulu n'chinthu chachikulu. M'mera mpoyamba, ndipo mbewu imeneyi siifesedwa ndi mawu.

Koma kupereka ndi mtima wonse sikutanthauza kuti choperekacho chilibe malire. Kunyumba kwathu tidayamba takonza za pakhomo. Ndidawauza bambo a ana kuti, "Bambo, anawa ndi athu tonse. Loweruka lino perekezani ndinu, linalo ndidzaperekeza ine." Adakhala chete pang'ono, kenako adati, "Mwanena zoona, mayi. Tochiyo muziisiya kumutu kwanga." Anzawo ena adawaseka poyamba, koma posakhalitsa m'njira muja mudayamba kumveka mawu a abambo angapo, ndipo atsikana adayamba kuyenda momasuka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sukulu lakhalitsa pamutu pa amayi.

Zimene zatheka pakhomo zingathekenso pasukulu, ndipo sizifuna thandizo lochokera kunja. Komiti ya sukulu, amfumu ndi ahedi akhale pansi teremu ikamayamba, alembe masiku a chitukuko, a misonkhano ndi a masewero, kuti kholo lidziwiretu m'malo momva Lachisanu usiku. Midzi izisinthana, kuti mudzi umene wagwira sabata ino upume sabata yamawa, ndipo pa mwezi pakhale Loweruka limodzi limene sukulu siitana munthu. Tsiku lina chitukuko chizigwa m'kati mwa sabata, kuti a Sabata agwire nawo. Agogo ndi odwala asalembedwe m'gulu la ojomba. Tisaumbe njerwa tisanaone ndi maso athu kuti simenti ndi malata zilipo. Makalasi a Loweruka, poti tsikulo palibe belu lina lowathamangitsa, aziyamba kutayera, kuti mwana ayende poona ndipo afike atagona mokwanira. Msonkhano woitanidwa 7 koloko uyambe 7 koloko, mlendo akafika atipeze tili m'kati.

Akuluakulu akamawerengera zimene dziko laika m'maphunziro amatchula makwacha a m'bajeti ndi thandizo la maiko akunja. Sindikana kuti n'zambiri. Koma pansi pa mdadada uliwonse wa kumudzi pali maola osalembedwa a anthu amene adasiya mphasa zawo kusanache, ndipo popanda maola amenewo sukulu yaulere ikadagwa kalekale. Tipitiriza kulipira, pakuti ana ndi athu ndipo palibe wina adzawadzukire. Koma fizi iliyonse imakhala ndi lisiti, ndipo lisiti limene makolo a ku Kasinje tikupempha ndi ili: kalasi yofoleredwa mvula isanagwe, msonkhano woyamba pa nthawi yake, ndi mwana amene akutuluka Sitandade 8 akudziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera.